Dashibodi Yosweka: Timate Kapena Tigule Ina?

Mnzanga wina amene tinaphunzira naye limodzi za uphunzitsi, ndipo tsopano anapuma pa ntchito ali mphunzitsi wamkulu, anagula galimoto ndi ndalama zake zopumira. Inali galimoto yaing'ono yochokera ku Japan, yogwirapo kale ntchito monga ziri galimoto zambiri za m'misewu yathu, koma yooneka bwino ndithu. Patapita zaka zitatu anadzanditenga kuti tikapepese maliro ku Chikwawa, ndipo pamene tinayamba kutsetsereka phiri kulowera m'chigwa cha Shire ndinamva kaphokoso kosaleka kutsogolo kwanga. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti chitseko cha kabokosi kosungiramo mapepala chinali chomangidwa ndi mphira wa chubu, potulukira mphepo panali popanikizidwa ndi envulopu yopindapinda, ndipo mng'alu wautali unachokera m'munsi mwa galasi kudzafika pafupi ndi wailesi. Koma chimene chinandiimitsa mtima ndi misomali inayi yamazinga, yonga ya kalipentala, imene wina anakhomera pa chivindikiro chimene chinali moyang'anizana ndi chifuwa changa. Pa chivindikirocho panali malemba akuti SRS AIRBAG.

Nditafunsa, mnzangayo anaseka nati, "Musavutike mtima achimwene, chinkanyamuka m'mbali ndiye mnyamata wina wa pa galaja anandikhomera. Dashibodi siyendetsa galimoto."

Mawu amenewa ndawamvanso kwa eni matakisi, kwa madalaivala a minibasi, ngakhale kwa amakaniko ena okhwima pa ntchito yawo. Pali choona chake m'mawuwa, ndipo sinditsutsa kuti munthu amene ali ndi ndalama zochepa ayambe wagula matayala ndi kukonzetsa mabuleki asanaganize za kukongola kwa m'kati mwa galimoto. Chimene ndikukana ndi maganizo akuti mbali iyi ya galimoto ndi chokongoletsera chabe, chimene aliyense angachimange ndi luzi, kuchikhoma msomali kapena kuchithira guluu aliyense amene wampeza pa okala. Maganizo anga ndi akuti zambiri zimene zimasweka pa dashibodi n'zotheka kuzikonza bwinobwino kuno kwathu pa mtengo wochepa, ndipo n'kuwononga chuma kuzitaya. Koma pali mbali imodzi imene siyenera kumatidwa ndi munthu aliyense, kaya akhale waluso chotani. Mmisiri weniweni ndi amene amadziwa malire a ziwirizi.

Poyamba tikumbutsane kumene chinthuchi chinachokera. Dzina lakuti dashibodi ndi lakale kuposa galimoto. Pa ngolo zokokedwa ndi akavalo ku Ulaya ankaika thabwa kapena chikopa kutsogolo kwa woyendetsa kuti matope othovulidwa ndi ziboda asamgwere pa malaya, ndipo pamene injini inalowa m'malo mwa kavalo, thabwa lija linatsala ndi dzina lake, nkuyamba kunyamula mawotchi oonetsa liwiro ndi mafuta. Akuluakulu amene anakwerapo Morris Minor, Land Rover zoyambirira kapena malole a Bedford akukumbukira kuti dashibodi inali chitsulo chopakidwa utoto. Sinkang'aluka ndi dzuwa, inde, koma pa ngozi inkaswa mitu ndi mawondo a anthu mopanda chifundo. N'chifukwa chake kuyambira m'chaka cha 1968 malamulo a ku America anakakamiza opanga galimoto kuti mbali imeneyi izikhala yofewa ndi yotha kuphwanyika m'malo mwa munthu, ndipo maiko ena anatsatira njira yomweyo. Tsono amene amanyoza galimoto za masiku ano kuti "ndi mapulasitiki okhaokha" adziwe kuti pulasitikiyo sanaikidwe chifukwa cha kutsika mtengo kokha. Anaikidwanso kuti pa tsiku la tsoka chisweke ndi chinthu, munthu apulumuke.

Koma pulasitiki ali ndi mdani wake, ndipo mdaniyo kuno kwathu ndi wosasowa. Galimoto ikaima pa dzuwa magalasi ali otseka, pamwamba pa dashibodi pamatentha kufika madigiri 70 ngakhale kuposerapo, makamaka m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala m'madera onga Nsanje, Chikwawa, Mangochi ndi Karonga. Usiku pamazizira. Pulasitiki amafutukuka masana ndi kukhwinyata usiku, tsiku ndi tsiku, chaka ndi chaka, pamene kuwala kwa dzuwa kukudula timaunyolo tosaoneka ndi maso timene timagwirizanitsa thupi lake. M'galimoto zambiri khungu la pamwamba ndi la PVC, ndipo kuti likhale lofewa amalisakaniza ndi mafuta ena ake. Kutentha kumauluza mafutawo pang'onopang'ono, ndipo ena mwa iwo ndi amene amapanga kachifunga konona kamene mumakapukuta m'kati mwa galasi lakutsogolo osadziwa kumene kachokera. Mafuta akatha khungu limauma ngati chikopa cha mbuzi choiwalika padenga, kenaka limang'aluka. Vutoli si la galimoto zakale zokha ayi. M'chaka cha 2014 kampani ya Toyota inavomera kusintha mwaulere madashibodi a galimoto zake zina ku America, chifukwa m'madera otentha ndi achinyezi ankasungunuka pamwamba, kumata m'manja ndi kunyezimira mpaka kuthobwa woyendetsa m'maso.

Onjezani pamenepo misewu yathu. Galimoto imene inakhala zaka khumi ikuyenda pa phula losalala la ku Nagoya kapena Osaka imatsika m'sitima pa doko la Dar es Salaam, kulowa pa chipata cha Songwe, ndipo posakhalitsa iri pa msewu wafumbi wa mabampu kunka kumudzi itanyamula matumba a chimanga. Zidutswa za dashibodi sizigwiridwa ndi mabawuti akuluakulu. Zimagwiridwa ndi timano tating'ono ta pulasitiki ndi tizitsulo topanira, ndipo timeneti tikauma ndi dzuwa sitichedwa kuthyoka ndi kugwedezeka. Tambiri mwa ito, kunena zoona, timathyoledwa ndi anthu: mnyamata woika wailesi yatsopano amene amakanula ndi sikuludiraiva mopupuluma, kapena wokonza mawaya amene akamaliza ntchito amatsala ndi misomali itatu m'dzanja nkuiponya m'thumba.

Nanga kachidutswa kothyoka kangavulaze bwanji munthu? Taganizani za chivindikiro chimene chagwa pansi nkugubuduzikira kunsi kwa chopondera mabuleki pamene galimoto ikutsika phiri la Zomba. Taganizani za mipata ya m'munsi mwa galasi, imene ntchito yake ndi kupemerera mpweya kuti galasilo lisachite nthunzi. Mwini galimoto akaphimba mng'alu ndi chinsalu chaubweya, monga ambiri amachitira, watsekanso mipatayo, ndipo adzazindikira kulakwa kwake tsiku la chiperoni pa msewu wa Thyolo kapena m'nkhungu ya ku Chikangawa. Kumbuyo kwa dashibodi kuli mitolo ya mawaya imene imakhulana ndi m'mphepete mwakuthwa mwa pulasitiki wosweka. Ngakhale phokoso lenilenilo liri ndi choipa chake, pakuti khutu lozolowera kulira kwa zidutswa zogwedera silimvanso msanga pamene chinthu chachikulu chayamba kulira kunsi kwa galimoto. Ndinenepo pano za mafuta onyezimiritsa amene anyamata otsuka galimoto amakonda kupaka: chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Dashibodi anaipanga yakuda ndi yosawala mwadala, kuti chithunzi chake chisaoneke m'galasi dzuwa likapendeka. Kansalu konyowa ndi sopo pang'ono n'zokwanira.

Tsopano tifike pa kukonza, pamene ndikufuna kukhalitsapo, popeza apa ndi pamene ambiri amataya ndalama ndi mtima womwe.

Cholakwa chofala ndi kuganiza kuti pulasitiki yense ndi mmodzi. Munthu amagula kabotolo ka supagulu, kudonthezera pa mng'alu, kugwirizira mphindi ziwiri, ndipo mawa lake chidutswa chija chagwanso, chitasiya chipsera choyera chimene sichichoka. Pamenepo amagamula kuti zinthuzi sizikonzeka. Safunsa anadya phula. Akanatembenuza chidutswacho akanaona kuseri kwake zilembo zosindikizidwa pakati pa zizindikiro ziwiri zosongoka, monga >PP< kapena >ABS< kapena >PC+ABS<. Opanga galimoto amalemba zimenezi kuti odzaphwasula adziwe mtundu wa pulasitiki, ndipo kwa wokonza zilembozi ndiye chiyambi cha nzeru zonse.

Pulasitiki wa ABS, amene kawirikawiri amapangira mafelemu ozungulira wailesi ndi potulukira mphepo, amasungunuka ndi mankhwala otchedwa acetone, omwe aja amapezeka m'mankhwala ena ochotsera utoto wa m'zikhadabo. Mukaduladula tizidutswa ta ABS wakale ndi kutiviika mu acetone m'botolo lagalasi lotseka, mawa lake mupeza phala. Phala limenelo mukalipaka kuseri kwa mng'alu limadya pang'ono mbali zonse ziwiri, ndipo likauma zimakhala thupi limodzi. Ndi phala lomweli munthu wodekha angathe kuumba dzino latsopano pamene lakale linathyoka. Koma pulasitiki wa PP, amene ndiye wochuluka m'zivindikiro za m'munsi, m'tizitseko ndi m'mabampala, samva acetone ndipo guluu wamba samugwira, chifukwa khungu lake ndi loterera ngati la kandulo. Ameneyu amafuna moto. Amasungunuka pa madigiri pafupifupi 165, kutentha kumene kachitsulo kowotcherera mawaya a wailesi kamafika mosavuta.

Kachitidwe kake si kachilendo kwa ife. Ndani sanaonepo bambo woyenda m'makwalala a m'tauni ndi kambaula ndi mpeni wakale, akumata mabeseni ndi zidebe za amayi? Bamboyo amadziwa, ngakhale sanawerenge m'buku, kuti chigamba chiyenera kuchokera ku chidebe cha mtundu womwewo, apo ayi sichigwira. Luso lake ndi lomwelo limene likufunika pa galimoto, kungoonjezapo ukhondo ndi kudekha. Chidutswa chimatsukidwa ndi sopo kuti mafuta onse achoke. Kumapeto kwa mng'alu kumaboolewa kabowo kakang'ono kuti mng'aluwo usapitirire. Mbali yooneka imalumikizidwa bwino ndi tepi, ndipo ntchito yonse imachitikira kuseri: kukumba kangalande motsata mng'alu, kusungunuliramo kachingwe kodulidwa ku bampala yakutha ya PP, ndi kumiza m'pulasitiki wofewayo kachidutswa ka sefa yachitsulo yonga ya pa mazenera, kuti pakhale mafupa. Pomata potere, pakachitidwa bwino, pamapirira mabampu kwa zaka. Chenjezo ndi lakuti ntchitoyi ichitikire pabwalo, pakuti utsi wa pulasitiki ndi woipa m'chifuwa, ndipo wa PVC ndiye woopsa koposa. Acetone nayenso sachedwa kugwira moto, choncho asayandikire mbaula kapena ndudu.

Ngakhale kuchotsa chidutswa pa malo pake ndi luso. Chokanulira chikhale cha pulasitiki kapena kamtengo kosemedwa mopyapyala, osati chitsulo. Chidutswa chikakana kutuluka, ndiye kuti pali msomali wobisika pansi pa kachivindikiro kapena kuseri kwa kabokosi, ndipo mphamvu sizithandiza. M'mawa wozizira wa mwezi wa Juni pulasitiki wakale amathyoka ngati bisiketi. Dikirani dzuwa limuthe kuuma. Jambulani ndi foni musanamasule, ndipo misomali muiike m'kachitini. Pobwezera, kansalu kopyapyala komatidwa pamene zidutswa ziwiri zimakhudzana kamathetsa phokoso limene envulopu ya mnzanga ija inalephera kuthetsa.

Wina adzati, bwanji osangogula china? Nthawi zina n'koyenera kutero, makamaka timano topanira, timene n'totsika mtengo ndipo sitiyenera kuvutikira kumata. Koma chidutswa chatsopano cha galimoto ya zaka khumi ndi zisanu sichipezeka wamba, ndipo chikapezeka chimalipiridwa ndi ndalama zakunja zimene dziko lathu likuzisowa pogula mankhwala, feteleza ndi mafuta. Pamene ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa chirichonse chochokera kunja unalumpha, sipeya wa galimoto osasiyidwa. Njira imene ambiri amatsata ndi ya kwa ophwasula galimoto zakufa, ku Ndirande mu Blantyre kapena ku Biwi mu Lilongwe, ndipo anthu amenewa amatithandiza kwambiri. Komabe kumbukirani kuti chidutswa cha kumeneko chiri ndi zaka zofanana ndi chanu chosweka, ndipo mwina chakhala miyezi pa mulu, pa dzuwa lomwelo. Chipindeni pang'ono, yang'anani timano take kuseri musanapereke ndalama. Kawirikawiri chanu chomwe, chitawotchereredwa ndi sefa, chimaposa chogula chotero.

Apa ndiye pa malire aja ndinanena. Mbali ya dashibodi imene iri kutsogolo kwa wokwera, pamodzi ndi pakati pa chiwongolero, ndi chitseko cha thumba la mpweya lotchedwa airbag. Pa ngozi thumbali limafufuma m'nthawi yosakwana gawo limodzi mwa magawo 20 a sekondi, likutuluka pa liwiro lotha kufika makilomita 300 pa ola. Kuti lituluke bwino, opanga anasiya mzere wofooka mwadala kuseri kwa pulasitiki, woti ung'ambike pa malo ake enieni ndi pa mphamvu yoyezedwa. Amene amathira guluu pamenepo, kuwotcherera, kumata chikopa pamwamba kapena kukhoma misomali, wachita chimodzi mwa ziwiri: watsekera thumba m'kati kuti lichedwe kapena litulukire kumbali, kapena wasandutsa misomali yakeyo zipolopolo zolunjika kumaso kwa mkazi wake. Chimodzimodzi amene amamata timafano, mafelemu a zithunzi ndi zoikapo foni pa malowa, ndi wokwera amene amatukula miyendo kuisanjika pamenepo, ndi mayi amene amakhala kutsogolo mwana ali pamiyendo. Chakudza sichiimba ng'oma. Chivindikiro cha airbag chikang'aluka kapena kunyamuka, mankhwala ake ndi amodzi okha: kuchisintha ndi china chosawonongeka cha mtundu womwewo wa galimoto.

Ndipo posinthapo pafunika maso. Kampani ya ku Japan yotchedwa Takata inapanga mamiliyoni ambiri a ma airbag ogwiritsa ntchito ammonium nitrate, mankhwala amene alimi athu amawadziwa mu feteleza wa CAN. Zinadzapezeka kuti mankhwalawa akakhala zaka m'malo otentha ndi achinyezi amasintha, ndipo pophulika amatha kuswa chitini chake chachitsulo nkumwaza zidutswa. Anthu anafa m'maiko angapo, galimoto zochuluka kuposa pa vuto lina lirilonse m'mbiri ya galimoto zinaitanidwa kuti zikakonzedwe, ndipo kampaniyo inagwa mu 2017. Galimoto zambiri zimene ziri m'misewu yathu zinapangidwa m'zaka zomwezo. Choncho wogula dashibodi yathunthu kwa ophwasula, thumba lake liri momwemo, achite bwino kufufuza ndi nambala ya chesesi kwa oimira kampani ya galimotoyo ngati thumbalo linali m'gulu lija. Pali chinyengo chinanso chimene ogula galimoto ayenera kuchidziwa: galimoto yochita ngozi imamatidwa bwino pa chivindikiro, m'kati mulibe thumba, ndipo kanyale kochenjeza kamazimitsidwa. Potembenuza kiyi, kanyale ka airbag kayenera kuyaka kwa masekondi ochepa kenaka nkuzima. Kakapanda kuyaka n'komwe, funsani chifukwa chake.

Kwa aliyense wogwira ntchito pafupi ndi malowa lamulo ndi ili: mawaya ndi mapulagi achikasu ndi a airbag, ndipo sayesedwa ndi babu kapena mita monga mawaya ena. Batire lichotsedwe kaye, ndipo munthu adikire, chifukwa m'kabokosi kolamulira mumatsala mphamvu kwa kanthawi. Mabuku a Toyota amanena masekondi 90. Makampani ena amanena mphindi zingapo.

Ndalemba zonsezi ndikuganiza za inu achinyamata amene mwalemba mayeso a Fomu 4 ndipo muli pakhomo kudikira kalata imene mwina sidzabwera. Pa galaja iriyonse mupeza anyamata khumi olimbirana kumasula injini imodzi, koma mukafunsa amene angakonze chitseko cha kabokosi osasiya chipsera, onse amaloza kutali. Zida za ntchitoyi n'zochepa: kachitsulo kowotcherera, timipeni, sandipepala, sefa, botolo la acetone ndi mulu wa mabampala otayidwa oyeserapo dzanja. Wodziwa kumata dashibodi adzamatanso mabampala, makutu a nyale zakutsogolo ndi mapulasitiki a njinga zamoto za kabaza, zimene zadzaza m'matauni ndi m'midzi momwe. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, pamodzi ndi sukulu zaumisiri monga Soche, Nasawa, Namitete, Salima, Lilongwe, Mzuzu ndi Livingstonia, lingachite bwino kulipatsa luso limeneli malo ake oonekera pambali pa kuwotcherera zitsulo ndi kuwongola mabodi, pakuti galimoto ya lero iri ndi pulasitiki kuyambira kumphuno mpaka kumchira.

Aphunzitsi anzanga a sayansi, inunso muli ndi phunziro laulere pano. Tengani tizidutswa tiwiri kwa ophwasula, ka PP ndi ka ABS, ndi kutiponya m'kapu ya madzi. Ka PP kosasakaniza kadzayandama, ka ABS kadzamira. Ndipo mukapeza ka PP komira, yang'anani zilembo zake, mudzaona kuti anakasakaniza ndi ufa wa mwala kuti kalimbe. Ana amene aona zimenezi ndi maso sadzaiwala tanthauzo la kulemera kwa chinthu poyerekeza ndi kukula kwake, ndipo mmodzi mwa iwo adzatembenuza chidutswa kuyang'ana zilembo asanagule guluu.

Za mnzanga uja, tinakangana njira yonse yobwerera, iye akuti ndikukuza nkhani, ine ndikuti amene amakhala pa mpando umenewo masiku onse ndi mayi a kunyumba kwake. Mawu amenewo ndiwo anamgonjetsa. Loweruka lotsatira tinachotsa batire, tinamasula misomali inayi ija, ndipo mdzukulu wake amene amakonza mafoni anawotcherera chitseko cha kabokosi ndi potulukira mphepo pa khonde, ife tikumuuza zochita. Mng'alu wa pamwamba tinauboola kumapeto ndi kuusiya, ndipo anadula katoni yoika pa galasi galimoto ikaima. Chivindikiro cha airbag anachita kuitanitsa, ndipo chinatenga miyezi iwiri kuti chifike. Miyezi iwiri yonseyo mayi aja ankakhala mpando wakumbuyo popita ku tchalitchi, akudandaula kuti anthu aziti bambo ayamba ntchito ya takisi.